Anawelenga Mitembo, Nyimbo Anazisiya

Mlongo wanga wamng'ono, wa zaka 19, anabwela ku nyumba tsiku lina atameta m'mbali monse, pakati atasiya tsitsi loluka kupita kumbuyo, pakhosi pakulendewela kanyundo kacitsulo kamene anagula mu tauni. Amai anayamba ayang'ana kumutu, n'kuusa moyo. Ataona kanyundo, anaika mthiko pansi.

"Iwe, ici n'ciani?"

"Ni nyundo ya Thor, amai."

"Thor ni ndani? Wa chechi iti?"

Apa m'pamene mwana analakwitsa. M'malo mokamba kuti ni fashoni cabe, anafuna kuoneka wodziwa. Anati Thor ni mulungu wa ma Viking, amuna osaopa imfa amene anali kupeleka anthu anzawo nsembe, ndipo cipembedzo cawo cikalipo mpaka lelo ku Ulaya. Mu komboni yathu, nsembe ya munthu si nkhani yoseweletsa. Tonse tidziwa zimene zimamucitikila munthu akangomunong'oneza kuti ni wa zausatana. Usiku umenewo amai anaitana azimai anzawo a mapemphelo, kanyundo kanagona panja pa windo, ndipo ine amene ninamupatsa fulashi ya filimu ninalandila gawo langa la mlandu.

Filimu yake ni Vikings, ija ya zigawo 89 imene analemba Michael Hirst wa ku England, imene inayamba mu 2013 na kutha mu 2020. Ambili a inu munaionela pa foni, ena pa laputopu ya mnzanu malaiti atapita. Ine ninaikonda maningi, ndipo nikali kuikonda. Koma ninafuna kudziwa kumene mlongo wanga anatenga ciphunzitso cake, ndipo sininavutike kupeza. Ni cigawo ca namba 8 mu sizoni yoyamba, cochedwa Sacrifice. Ninacionelelanso kawili, kenako n'kufufuza kumene cinacokela, komanso zimene anthu olambila Thor na Odin amacita masiku ano.

Kwa amene munaiwala: Ragnar na mkazi wake Lagertha, amene wangopita padela, apita ku Uppsala ku cikondwelelo cimene cimacitika kamodzi pa zaka 9. Atenga Athelstan, mmonke amene Ragnar anamugwila ukapolo ku Lindisfarne. Athelstan ayenda akumwetulila, osadziwa kuti iye ndiye mbuzi ya ulendo. Wansembe pomufunsa mafunso apeza kamtanda kobisika pa mkono wake, ndipo agamula kuti munthu wa mitima iwili sangapelekedwe kwa milungu. Mnzawo Leif aimilila, adzipeleka m'malo mwake. M'mawa mwake nyama ziphedwa, amuna 9 aphedwa, mitembo ipacikidwa m'mitengo mitu pansi.

Siningakane, cigawoci anacipanga mwaluso. Palibe kukuwa, palibe kuthamangitsana. Leif ayenda yekha kupita pa guwa, ayang'ana anzake, ndipo iwe woonelela upeza kuti wagwila mpweya. Hirst sanawaseke anthu amenewa. Anawapatsa ulemu, ndipo Travis Fimmel, amene ni Ragnar, adziwa kukamba na maso cabe. Ngati filimu iyenela kukugwila pamtima, iyi igwila.

Vuto langa liyamba nikafunsa kuti: tiyang'ana na maso a ndani? Kamela itsatila Athelstan. Tilowa mu kacisi naye, tidabwa naye, ticita mantha naye. Ife oonelela tonse atisandutsa amonke. Ansembe awameta mipala, nkhope azipaka zoyela, milomo yakuda, kuti aoneke monga anthu a ku dziko lina. Koma m'mabuku akale a ku Iceland, munthu wotsogolela nsembe, amene anali kumucha goði, anali mfumu ya dela, mlimi wa ziweto wokhala na mkazi na ana, amenenso anali kuweluza milandu. Kacisi amuika pa mapili a mathithi, pamene Uppsala wakale, ku Sweden, ali pa cigwa ca minda cokhala na zitunda zitatu zikulu-zikulu za manda. Izi ni zazing'ono, filimu iliyonse imakometsa. Cacikulu ni buku limene Hirst anatsamila.

Nkhani yonse ya zaka 9 na mitembo ya m'mitengo icokela kwa munthu mmodzi, Adam wa ku Bremen, mphunzitsi wa chechi ku Germany. Ca m'ma 1075 iye analemba m'Cilatini mbili ya mabishopu a Hamburg na Bremen, amene nchito yawo inali kutembenuza anthu a kumpoto kuti akhale Akhristu. Adam sanapondeko ku Uppsala. Analemba zomuuza. Anakamba za kacisi wokutidwa na golide, za mafano atatu a Thor, Odin na Freyr, za zamoyo zazimuna zisanu na zinayi pa mtundu uliwonse, kuphatikizapo agalu, mahachi na anthu. Anati Mkhristu wina anamuuza kuti anaona mitembo 72 ikulendewela. Ndiye afika pa nyimbo zimene anthu anali kuimba pa mwambowo. Akamba kuti zinali zambili, koma zonyansa, conco ni bwino asazilembe.

Imani pamenepo. Munthu uyu anali na mpata wolemba nambala ya mitembo, koma analibe mpata wolemba mzele umodzi wa nyimbo. Zimene anthu aja anali kupempha, mau amene anali kuuza milungu yawo, cimene cinali kuwasonkhanitsa kucokela kutali, zonsezo anazitaya. Anatisiyila magazi opanda mau. Patapita zaka zoposa 900, Vikings yatenga magazi omwewo, yawathila nyimbo zake za mu situdiyo, n'kutigulitsa. Akulu anati safunsa anadya phula. Mlongo wanga anadya phula la Adam, uci anausiya.

Nisanamizile munthu: magazi analiko. Mu 922, Mluya wina dzina lake Ibn Fadlan anaona na maso ake, m'mbali mwa mtsinje wa Volga, mtsikana kapolo akuphedwa pa malilo a mfumu ya anthu ochedwa Rus, amene ambili amati anali ocokela ku Scandinavia. Ofukula zakale apezapo mafupa a nyama, nthawi zina a anthu, m'malo a nsembe. Ma Viking anali kugwila akapolo na kuwagulitsa, ndipo ife a mu Africa sitifunika kuuzidwa tanthauzo la zimenezo. Sinili pano kuwasambika. Koma ngakhale Snorri Sturluson wa ku Iceland, pofotokoza nsembe yakale ya ku Norway mu nkhani ya mfumu Hákon, saimila pa magazi. Akamba kuti ziweto zinali kuphedwa, magazi n'kuwazidwa pa makoma na pa anthu, kenako nyama n'kuphikidwa m'miphika pakati pa nyumba, anthu n'kudya pamodzi. Cikho cinali kuzungulila: coyamba ca Odin kuti mfumu ipambane, cotsatila ca Njörðr na Freyr kuti kukhale zokolola na mtendele, cinanso cokumbukila abale amene anafa. Nsembe imeneyo, imene m'cinenelo cawo amaicha blót, inali phwando la alimi oopa njala.

Manje tiyeni ku zimene mlongo wanga anauza amai, zakuti cipembedzo cimeneci cikalipo. Pamenepo sananame, koma si mmene iye aganizila.

Ku Iceland, dziko la anthu osakwana 400,000, kuli gulu lochedwa Ásatrúarfélagið. Linayamba pa 20 April 1972, tsiku limene kumeneko amati loyamba la cilimwe, ndipo boma linalivomeleza mu 1973. Woyambitsa wake sanali msilikali. Anali Sveinbjörn Beinteinsson, mlimi woweta nkhosa, wa ndevu zazitali, wodziwika na kulakatula ndakatulo zakale zochedwa rímur. Blót yawo yoyamba ya poyela inacitika pa 5 August 1973 pa famu yake ku Dragháls, mvula ikugwa, pafupi na fano la Thor. Analitsogolela gululo mpaka imfa yake mu 1993. Kuyambila 2003 mtsogoleli ni Hilmar Örn Hilmarsson, katswili wa nyimbo amene anagwilapo nchito na gulu la Sigur Rós. Mlimi wolakatula, kenako woimba. Lelo mamembala apitilila 5,000, ndipo kuyambila 2015 akhala akumanga kacisi pa phili la Öskjuhlíð mu Reykjavík, nchito imene yacedwa zaka zambili kuposa mmene anaganizila.

Mwambo wawo uyenda motele. Anthu aima mozungulila moto, kambili panja. Goði, amene angakhale mwamuna olo mkazi, apatula malowo na kulengeza mtendele pakati pa onse amene abwela. Kenako alakatula ndakatulo zakale, monga Völuspá, imene ikamba za ciyambi na mapeto a dziko, na Hávamál, imene ni malangizo a mmene munthu ayenela kukhalila na alendo, na anzake, na mowa. Nyanga ya ng'ombe yodzala cakumwa, kambili mowa wa uci, iyamba kuzungulila. Amene yamufika achula mulungu, olo kholo lake limene linafa, olo dziko lenilenilo, amwako, n'kupatsa mnzake. Zotsala azithila pansi. Pambuyo pake adya pamodzi. Palibe nyama imene iphedwa pa mwambo, gululo linakana zimenezo. Miyambo ikulu-ikulu ni inayi pa caka, yotsatila dzuwa: pakati pa nyengo yozizila pamene usiku ni wautali kopambana, poyamba cilimwe, pakati pa cilimwe ku Þingvellir kumene makolo awo anali kucitila msonkhano wa dziko, na poyamba nyengo yozizila. Pakati-pakati, nchito yawo ni ija ya m'busa aliyense: kumanga maukwati ovomelezeka na boma, kupatsa ana maina, kuika malilo.

Muona cimene cacitika? Adam anasunga magazi, anataya mau. Awa anatola mau, anasiya magazi. Hilmar anauzapo atolankhani mu 2015 kuti sakhulupilila zoti pali munthu amene amaganiza kuti kumwamba kuli mwamuna wa diso limodzi wokwela hachi ya miyendo 8. Kwa iwo nkhani zimenezi ni ndakatulo zofotokoza mphamvu za cilengedwe na mtima wa munthu. Filimu ya cipembedzo cotele ingakhale ya anthu ovala majuzi a ubweya, akuzizidwa, akumvetsela ndakatulo. Palibe angaikope pa fulashi.

Koma nawonso nili nawo funso, cifukwa kutsutsa filimu sikutanthauza kuombela m'manja aliyense. Mau amene anatolawo anawapeza kuti? Iceland inakhala dziko lacikhristu ca m'ma 1000, pamene mkulu wa malamulo, Þorgeir, amenenso anali wolambila milungu yakale, anagona tsiku lathunthu na usiku atadzifunda kumutu, n'kudzuka na cigamulo cakuti onse abatizidwe kuti dziko lisagawike. Poyamba analola kupeleka nsembe mobisa, koma posakhalitsa naconso cinaletsedwa. Snorri analemba Edda yake ca m'ma 1220, ali Mkhristu, patapita zaka zoposa 200. Buku la ndakatulo limene amalakatula lelo, Codex Regius, linalembedwa pa cikopa ca m'ma 1270, naconso na dzanja la Mkhristu. Bishopu wina analitumiza kwa mfumu ya Denmark mu 1662, ndipo linabwelela kwawo pa sitima ya pamadzi mu April 1971, khamu la anthu likuyembekezela pa doko. Caka cimodzi pambuyo pake, Sveinbjörn na anzake anayamba gulu lawo.

Conco palibe agogo amene anaphunzitsa mdzukulu mwambo umenewu. Cingwe cinaduka kwa zaka pafupi-fupi 970, ndipo amene anacilumikiza anacilumikiza na mapepala. Anasankha zotenga na zosiya, ndipo zimene anasiya ni zija zocititsa manyazi munthu wa masiku ano. Wina angati uku ni kudzipangila makolo aulemu. Ine niona kuti mlanduwo uli na mbali yoona. Cimene cinicititsa kuwalemekeza n'cakuti sabisa. Sakamba kuti acita ndendende zimene ma Viking anali kucita. Filimu ndiyo imadzionetsa monga mboni yoona na maso, pamene nayonso yasankha, ndipo yasankha mbali yogulitsa.

Ise a kuno nkhani iyi si yacilendo. Nc'wala ya Angoni inaleka pambuyo pakuti asilikali a Britain agonjetsa Mpezeni mu 1898, ndipo inabwelela mu 1980. Zaka 82, osati 970, ndipo nyimbo zinali zikali m'kamwa mwa anthu. Ku Mtenguleni mu February ng'ombe yakuda imalasidwa, Inkosi ya Makosi imamwa magazi. Amene munapitako mudziwa kuti zimenezo zitenga mphindi zocepa cabe, pa masiku a kulawa zokolola zoyamba, ngoma, nyimbo na kuonana kwa abale. Tiyelekeze kuti mlendo amene sanafikeko walemba za magazi okhawo, n'kunena kuti nyimbo ni zonyansa sangazilembe. Ndiye patapita zaka 900 wina apanga filimu pa buku lakelo. Kodi mungadzizindikile? Cimene cimanidabwitsa n'cakuti mnyamata mmodzi-modziyo amene amati ma Viking ni anthu amphamvu, ukamuuza za kutsila nsembe kumudzi kwa ambuye ake, ayankha kuti ni zamdima. Zamdima za azungu zikakhala na nyimbo zabwino kumbuyo, tizicha mbili yakale.

Pali cinanso cimene ninauza mlongo wanga, ndipo ici si ca filimu cabe, ni ca khosi lake. Anthu amene amatenga cipembedzo cimeneci ku nkhwangwa na magazi, osati ku ndakatulo, alipo, ndipo ambili a iwo samukonda munthu wa khungu monga lathu. A Nazi anatenga zilembo zakale zochedwa runes n'kuziika pa mayunifomu a SS. Ku America kuli gulu la Asatru Folk Assembly limene limalandila azungu okha-okha. Mu 2020 linagula chechi yakale m'tauni yaing'ono ya Murdock ku Minnesota, anthu akumeneko akutsutsa. Pa 6 January 2021, mwamuna uja wa cisoti ca nyanga amene analowa mu Capitol ku Washington anali na nyundo ya Thor yojambulidwa pa thupi. Koma magulu ena ambili a cipembedzo comweci anasaina cikalata mu 2016 cokana tsankho la gulu lija, ndipo a ku Iceland, eni ake a cinenelo ca ndakatulozo, amalandila munthu wa mtundu uliwonse. Alandilapo makalata acipongwe ocokela kunja cifukwa ca kutsegula citseko kwawo. Nyundo ni imodzi, koma manja amene aigwila ni osiyana, ndipo wovala afunika kudziwa kuti ena akamuona adzawelenga ciani.

Nanga nyundoyo, kwa eni ake akale inali ciani? Inde, Thor anali kuphwanya nayo mitu ya zimphona. Koma tunyundo tambili tumene ofukula apeza tunali m'manda, twina m'manda a akazi, monga cithumwa coteteza. M'nkhani za Snorri, Thor adalitsa nayo nkhuni za malilo a Baldr, ndipo aukitsa nayo mbuzi zake zimene anadya usiku. Ndipo pali ndakatulo ina, Þrymskviða, imene Vikings siingayese kuikhudza. Cimphona cina caba nyundo, ndipo cikuti cidzabweza pokhapo acipatse Freyja kukhala mkazi wake. Freyja akana mwaukali. Milungu igwilizana zakuti Thor yemweyo avale zaukwati. Amuveka diresi, mkanda, makiyi m'ciuno, nsalu kumaso, ndipo Loki apita naye monga mphelekezi. Pa phwando mkwatibwi adya ng'ombe yathunthu na nsomba zikulu-zikulu 8. Mkwati adabwa, Loki am'namiza kuti mtsikana sanadye masiku 8 cifukwa ca cikondi. Pamapeto abweletsa nyundo, aiika pa miyendo ya mkwatibwi kuti adalitse ukwati, ndipo m'pamene Thor aigwila. Anthu amene anapeka nkhani imeneyi anali kudziwa kuseka mulungu wawo wamphamvu kopambana, osaleka kumukonda. M'zigawo 89 za Vikings muli magazi okwana kudzaza damu, koma Thor wovala diresi mulibe.

Ndiye ciweluzo canga ni ici. Onelelani Sacrifice, ni cigawo cabwino, cimodzi mwa zabwino kopambana mu filimu yonse. Koma mucionelele modziwa kuti ni ulaliki wa Adam wa ku Bremen wovekedwa zovala zatsopano, osati galasi loonela cipembedzo ca anthu, kaya akale kaya a lelo. Mukafuna kudziwa zimene olambila Thor amacita pa tsiku lawo lalikulu, ganizani za nyanga ikuzungulila na munthu akuchula dzina la agogo ake.

Nkhani ya diresi ninaisimba pa cakudya ca madzulo, patapita masiku atatu. Mlongo wanga anakwiya, anati napeka. Ninamuonetsa pa foni, anakhala cete. Amai anaseka mpaka kupukuta misozi na citenje, n'kufunsa kuti mkwatibwi wodya ng'ombe yathunthu anamulipilila zingati. Sanasinthe maganizo: mu nyumba yawo mulungu ni mmodzi, ndipo kanyundo sikalowa mu chechi. Koma anakacotsa pa windo, cifukwa kanayamba dzimbili na mame, n'kukaponya mu kabati ya masipuni. Mlongo wanga amakavala akapita mu tauni. Sabata yatha ninamumva akuuza mnzake pa kantemba kuti Thursday ni tsiku la Thor, ndipo ataona kuti mnzakeyo wacita cidwi, anayamba kumusimbila za ukwati uja.